Chigamba cha Buluu

Ndine telala wa pakhonde la sitolo ya a Mulipa, pa Chitakale,
zaka makumi awiri ndi zitatu ndikuponda mashini omwewa.
Chaka chino ulusi unayamba kundikana.
Ndiunyambite, ndiusongole, ndiulozetse pa diso la singano,
uwo, wadutsa pambali ngati munthu wangongole.

M'mawa zikope zomatana ndi manthongo,
nsidze mbuu ngati ndagona m'chigayo,
ndipo kuyabwa kwake
ngati wina wandiwaza chitedze m'mphepete mwa maso.
Mlamu anati mkaka wa m'mawere.
Mayi wogulitsa nanazi anati madzi a shuga.
Wina anati mkodzo wa m'mawa, nkhope ili gwa, osaseka.

Kuchipatala a Namakhwa a zamaso anandiunika ndi katochi,
nati vuto silili m'kati, lili pa mpendero.
Mpendero! Mawu a ntchito yanga.
Anandilembera kabotolo kopopera,
dzina lake lalitali ngati msewu wa ku Muloza:
asidi wa haipokulorasi.

Asidi?
Ine ndimadziwa wa m'batire,
uja anaboola buluku la Fakisoni wotchaja mafoni.
Nditatsegula ndinanunkhiza.
Kafungo ka patali, koma ndinakazindikira,
ka ndowa zija tinkasamba m'manja pakhomo pa tchalitchi chaka cha kolera,
ka jiki.
Ndipo za jiki musandiuze ine.
Madiresi angati abwera pano ali mawangamawanga,
eni ake akuchonderera kuti ndibise pomwe mtundu unathawa?

Ndinabwerera, kabotolo m'thumba la malaya.
Safunsa adadya phula.
A Namakhwa anasuntha mpando, nandiyang'ana.
"N'zapachibale," anatero, "koma si munthu mmodzi.
Thupi lanu lomwe limapanga kameneka pomenyana ndi tizilombo.
Aka anakayeza, ndi kofatsa, koyenera khungu la chikope.
Tsinzinani.
Poperani pa thonje loyera, mupukute m'mphepetemo.
Aka si kodonthezera m'diso.
Kakakuwawani, diso likafiira, kuona kukachita nkhungu,
siyani, mubwere kuno.
Ndipo musayerekeze kusakaniza zanu kunyumba."

Usiku woyamba ndinatsinzina ngati mwana wodikira jakisoni.
Kunangozizira basi,
ngati chiperoni chikamatsika m'phiri n'kukupeza ulibe juzi.
Mkazi wanga Esinta anagwira nyali, akufunsa, mukundiona?
Ndinati ndikukuona, ndi imvi zako zomwe.

Tsiku lakhumi ndi chiwiri ulusi unalowa kamodzi.
Ndinautulutsa dala, ndinaulowetsanso.

Koma kabotolo sikabereka.
Katayamba kupepuka, Fakisoni anabwera ndi nzeru zake:
"Achimwene, fungo ndi lomwelo.
Kachivindikiro ka jiki, madzi a pampopi, botolo ladzadza.
Ndalamazo mugule matemba."
Ndinatenga kansalu ka buluu kotsala pa yunifolomu,
ndinapopera za kuchipatala mbali iyi,
dontho la nzeru za Fakisoni mbali inayo,
n'kupitiriza kusoka zipi ya munthu wa ku esiteti.
Pomwe basi ya ku Limbe imadutsa
mbali iyi inali itauma, buluu yemweyo.
Inayo inali itatuwa ngati chipsera cha moto.

Nsalu si diso, ndikudziwa,
ndipo ine si dokotala, ndinalekeza sitandade sikisi.
Koma nsalu ikawonongeka ndimadula, ndimaika chigamba,
mwini wake n'kupita ku ukwati osadziwika.
Diso ndiligamba ndi chiyani?

Kansaluko ndinakakhoma ndi phini pamwamba pa mashini.
Fakisoni akamadutsa amayang'ana kumsewu.
Lolemba ndipitanso kwa a Namakhwa
kukafunsa chochita kabotolo kakatha,
koma lero pali masiketi asanu ndi awiri a kwaya ya amayi,
onse akufunika Loweruka,
ndipo kuphiri kwayamba kale kuda.